Mwana wa Ng'ona Akukulira M'beseni

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ananena zimenezi kusanabwere mipanda ya njerwa yokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, kusanabwerenso mageti achitsulo olembedwa kuti chenjerani ndi galu, pomwe galu wakeyo amagona pa sofa. Lero mwana wa ng'ona wa ku Area 47, ku Namiwawa kapena ku Katoto ali ndi maiwe atatu: pabalaza, m'galimoto ndi m'kalasi. Onse atatu ndi ofolera. Dzuwa amalionera pawindo. Nyama amazidziwira pa TV, moti akhoza kukufotokozerani bwinobwino za chimbalangondo cha ku China chodya nsungwi chija, koma mukamuonetsa nkhanga amafunsa kuti nkhukuyi yadwala chiyani kuti ituluke mawangamawanga chonchi.

Odandaula kwambiri ndi azibambo. Pitani Loweruka madzulo pamalo aja amuna amakapumulirako, mukatchere khutu. Aliyense pa tebulopo anali mlenje. Uyu anagwetsa gwape ndi chibonga ali Sitandade 4. Uyo anathamangitsa kalulu mpaka kaluluyo anakhala pansi n'kupempha madzi akumwa. Wachitatuyo anagwira nguluwe mchira, ndipo chipsera chake akanakuonetsani chikhala kuti si pagulu. Mukawonkhetsa nyama zonse zomwe zafera pa matebulo amenewa, mumvetsa chifukwa chake a African Parks anachita kukatenga mikango ku South Africa mu 2012 kuti ku Majete kumvekenso kubangula. Nkhani zonsezi zimathera pa chigamulo chimodzi: "Ana a masiku ano ndi ofooka." Palibe amafunsa kuti mpanda uja anamanga ndani, foni ija anagula ndani, ndiponso amene amakuwa kuti "Bwerera, uda zovala!" mwana akangoponda panja ndi ndani.

Chikhala kuti ng'ona imamva Chichewa, bwenzi itatisumira kwa amfumu. Mwambiwu timautchula moonetsa kuti iyo imangotaya mwana kuti akadzionere yekha, pomwe si choncho. Ng'ona yaikazi imakumba dzenje mumchenga, kuikira mazira, n'kuwalondera pafupifupi miyezi itatu kuti ng'azi isawadye. Ana akayamba kulira m'mazira muja, imafukula, kuwanyamula m'kamwa momwe muja muli mano oswa fupa la ng'ombe, n'kupita nawo kumadzi. Imapita yokha. Situma mlonda, situma mtsikana wantchito, ndipo siuza mwana kuti "ndatanganidwa, ukafunse aphunzitsi ako." Dziwe loyamba imamuperekeza, n'kukhala naye pafupi masabata angapo. Maiwe enawo mwanayo amakawapeza khungu litakhwima kale. Ndiye ngati mwana wathu akukulira m'beseni, tisayambe ndi kufunsa mwanayo. Beseni lili ndi mwini wake.

Makolo athu sukulu ya kutchire anaikonza m'makalasi, ngakhale kunalibe belu kapena yunifomu. Kalasi yoyamba inali ya ziwala. Kamwana kazaka zinayi kankayendayenda m'mphepete mwa munda ndi kanthambi m'manja, n'kuphunzira kuti chiwala sachidzera kutsogolo, komanso kuti si chiwala chilichonse chimene chimalowa mumphika. Mvula yoyamba ikagwa, kalasi inkasamukira pachulu kukagwira ngumbi, kenako kukumba nkhululu. Akakulako pang'ono ankalowa kalasi ya ulimbo ndi legeni, komwe phunziro lalikulu linali kukhala chete. Mwana amene lero satha kukhala phee mphindi ziwiri m'tchalitchi, kale akanatha kubisala pachitsamba kuyambira dzuwa litangotuluka mpaka njala itamukumbutsa kwawo, kudikirira mpheta imodzi.

Anthu akakolola kunkabwera masanje. Ana ankamanga timisasa ta mapesi kumunda, n'kukhazikitsa mudzi wawo wokhala ndi amfumu ake, maanja ake ndi milandu yake. Anyamata ankapita kosaka mbewa ndi mbalame, atsikana ankakunkha chimanga, kusinja ndi kuphika. Bambo wa kumasanje wobwera chimanjamanja ankalandira mawu omwewo amene bambo weniweni amalandira. Kalasi yomaliza inali uzimba. Kumeneko mnyamata sankayamba ndi nthungo. Ankayamba ndi kugwira agalu, kukuwa posokolotsa nyama ndi kusenza zimene ena apha. Ankaonanso lamulo likugwira ntchito: wolasa koyamba ndiye mwini nyama, womalizitsa ali ndi gawo lake, amfumu ali ndi lawo. Nyama ya pauzimba sinkadyedwa mobisa. Mwana ankabwerako atadziwa kuti kupha ndi kanthawi kochepa, nkhani yaikulu ndi kugawa.

Tsono taonani zimene zimachitika mwana wa ng'ona wamakono akamutengera kudziwe lina. Ndi tchuthi cha mu Ogasiti, banja lafika kumudzi, ndipo amalume ake, mmodzi wa alenje a pa tebulo aja, alengeza kuti mawa akamuphunzitsa mphwawo kukumba mbewa. Mayi a mwana ayamba kulongedza ngati mwanayo akupita ku Joni: madzi a m'botolo, chipewa, mafuta odziteteza ku dzuwa, mabisiketi, nsapato zosinthira, sopo wamadzi wopha majeremusi, ndi juzi, poti mwina kungazizire masana. Ulendo wonsewu ndi wa kumunda wa agogo, kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, chonde mwanayu asakagwire dothi."

"Nanga mbewazo, achemwali, tikazikumba mumlengalenga?"

Mphunzitsi weniweni pa ulendowu si amalume ayi. Ndi msuweni wa kumudzi, wazaka zisanu ndi zitatu, wopanda nsapato, kakhasu paphewa, wosalankhulalankhula. Una woyamba angouyang'ana n'kupitirira, poti pakhomo pake kangaude wamangapo kale, kusonyeza kuti eni ake anasamuka. Wachiwiri aimapo. Pali dothi latsopano, timapazi, ndi timakoko ta mtedza wobedwa m'munda mwa agogo. Sayamba kukumba. Ayamba wazungulira kufunafuna mbuli, kakhomo kothawira kamene mbewa imasiya kobisika m'maudzu. Akapeza, aimikapo mlendo uja ndi chipewa chake m'manja.

"Ikatulukira apa, uivindikire."

"Ili ndi mano?"

"Ili nawo."

"Tikaigwira tiipatse dzina?"

"Dzina ili nalo kale. Ndi ndiwo."

Kukumba kuli ndi mwambo wake. Dzanja sililowa kuuna. Chimayamba kulowa ndi kamtengo, chifukwa una umene mbewa inakumba nthawi zina umakhala utapeza mwini wina wopanda miyendo. Kamtengoko kamasunganso njira kuti isasowe dothi likagumuka. Msuweni atema kawiri katatu, afwanthula dothi, alinunkhiza, atemanso. Pena njira ithera pakhoma, ndipo wosadziwa akhoza kunyamula khasu n'kumapita. Iye akudziwa kuti limeneli ndi funkha, dothi limene mbewa imatsekera njira kuti mdani aganize kuti wafika pamapeto. Aboola, njira ipitirira, ndipo pakuoneka timaudzu ta masa. Nthawi yomweyo kumbuli kuja kwatulukira kapuku ali paliwiro la moyo wake. Mlenje wathu wa m'tauni aponya chipewa kumwamba, akuwa "Amayi!", n'kuliyatsa liwiro. Tsoka lake, iye ndi mbewa asankha njira imodzi, moti kwa kanthawi sizikudziwika kuti akuthamangitsa mnzake ndani. Amalume, aja anagwetsa gwape ali Sitandade 4, apezeka ali pamwamba pa chulu. Akuti anakwerapo kuti aone bwino kumene yalowera.

Pobwerera mwanayo aona tizipatso taubweya tokongola tikulendewera pachitsamba, ndipo asanafunse wagwira kale. Safunsa anadya phula, koma uyu wakumana ndi chitedze. Madzulo ake agogo akumutikita mikono ndi dothi lomwe lija amake analetsa, uku akuseka mpaka misozi. Mbewa zimene msuweni wapha azitumbula, aziphika ndi mchere, aziwamba pamoto n'kuzipana pampani. Mlendo walumbira kuti sadya. Kenako wapempha kamwendo kokha. Kenako walowa nawo mumkangano wakalekale wakuti mbewa amayambira kumutu kapena kumchira. Usiku umenewo wagona nsima ili m'manja, foni osaifunsa n'komwe.

Pobwerera kutauni, mwanayu wanyamula zinthu zimene sizipezeka pa YouTube. Akudziwa kuti kapuku, chitute ndi phanya ndi ndiwo, koma khoswe wa m'nyumba sadyedwa, ndipo swiswiri ngakhale mphaka amangomupha n'kumusiya. Akudziwa kuti chokongola chilichonse sachigwira. Akudziwa kuti mwana wopanda nsapato akhoza kukhala mphunzitsi wake. Akudziwanso kanthu kena kokhudza amalume ake, kamene adzakasunga mpaka tsiku la ukwati wake.

Koma tisanamizane, maiwe enawo nawonso aphwa. Tchire limene agogo ankachitamo uzimba lero ndi minda, malo a nyumba, kapena lakwera njinga m'matumba a makala kuchokera ku Dzalanyama kulowera ku Lilongwe. Nyama zikuluzikulu zimene zatsala zili m'malo otetezedwa, ndipo zili ndi lamulo kumbuyo kwawo. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 analikhwimitsa mu 2017, moti pa milandu ikuluikulu munthu akhoza kukhala kundende zaka mpaka 30. Bambo amene angatenge mwana wake kukamuphunzitsa kutchera khwekhwe la waya ku Liwonde, kapena kubwera kunyumba ndi ngaka m'thumba, adzamuonetsadi mwanayo dziwe latsopano, koma lidzakhala la ku Maula kapena ku Chichiri, pa tsiku loona akaidi.

Palinso nkhani ya moto. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mapiri athu amayaka usiku, ndipo nthawi zambiri mukafufuza mupeza kuti gwero lake ndi anyamata atatu, bokosi la machesi ndi mbewa zosakwana mpani umodzi. Mitengo imene anthu anabzala nyengo ya dzinja, udzu wofolera nyumba, msipu wa ng'ombe, zonse zapita chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto wa osaka mbewa ukafika padambo umapeza akuluakuluwo ali pa WhatsApp. Choncho phunziro loyamba kwa mlenje wamng'ono wa lero ndi lakuti machesi amatsala kukhitchini. Lachiwiri ndi la legeni. M'tauni legeni ili ndi chizolowezi chophonya njiwa n'kupeza windo la aneba kapena galasi la sola, ndipo mlandu wake sugamulidwa ndi nkhuku. Ndandikani zitini pachipika, mwana aphunzire kulunjika popanda wina kulira.

Ngakhale nyama zimene timaziona kuti ndi ndiwo chabe zinatipitirira kale. Ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi komanso kuzindikira chifuwa chachikulu cha TB m'makhololo a odwala. Abwampiniwa anagwira ntchito ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi mabomba okwirira. Mu 2020 bwampini wina, dzina lake Magawa, analandira mendulo yagolide chifukwa cha mabomba amene anapeza ku Cambodia. Muuzeni mwana nkhani imeneyi musanamupatse khasu, kuti adziwe kuti amene akumukumbayo ali ndi abale ophunzira kunja.

Nanga ngati uzimba unatha, mwana timutengere kutchire kukatani? Chimene mlenje weniweni ankasiyira mwana wake sichinali nyama, poti nyamayo inkatha tsiku lomwelo. Ankamusiyira maso, makutu ndi kudekha. Zimenezi zikadalipo, ndipo sizifuna chilolezo cha boma. Mwana akhoza kulondola mapazi a nyama osaipha. Akhoza kuphunzira kusiyanitsa kulira kwa njiwa ndi kwa pumbwa, kudziwa mtengo wa masuku usanabereke, kuzindikira kumene mphepo ikuchokera, ndi kupeza njira yobwerera kwawo poyang'ana phiri. Akhoza kuphunziranso kuleka, lomwe ndi luso lovuta kuposa kugwira. Asodzi a pachilumba cha Mbenje ku Salima amachoka pachilumbapo nyengo ya mvula chaka chilichonse, pomvera lamulo la mafumu awo, kuti nsomba ziswane. Mwana amene wamva zimenezi sadzadabwa mukamuuza kuti chisa chokhala ndi mazira amachisiya.

Malo opitako ndiye alipo. A ku Lilongwe ali ndi Lilongwe Wildlife Centre pakati penipeni pa mzinda, pamene ambiri amangopadutsa pa minibasi tsiku ndi tsiku. A ku Blantyre phiri la Michiru limawayang'ana m'mawa uliwonse, kudikira moni. Ku Zomba kuli phiri lokhala ndi damu la Mulunguzi ndi mathithi ake. Ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Zina mwa zojambulazo anasiya ndi Akafula, alenje enieni amene sankafuna tebulo kuti afotokoze zimene anaona. Ku Nkhotakota kuli njovu pafupifupi 500 zimene anazisamutsira kumeneko pa malole mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022. Njovu yakwera lole kukaona dera lina, mwana wanu akadali pabalaza. Mtengo wolowera m'malo amenewa kwa Mmalawi ndi wotsika kuposa wa alendo akunja, ndipo m'sukulu zambiri muli makalabu a zachilengedwe a bungwe la WESM amene amayenda maulendo otere. Kwa amene thumba lakana, dambo la kuseri kwa mudzi, chulu, dimba la agogo ndi kaphiri ka kumapeto kwa lokeshoni sizilipiritsa.

Kungoti kuyenda ndi mwana wamng'ono kuli ndi malamulo ake, ndipo amene amawaphwanya ndi akuluakulu. Mtunda musayeze ndi miyendo ya mwana, yezani ndi mapewa anu, chifukwa pobwerera akwera pamenepo. Kamwana kazaka zitatu kakhoza kutha ola lathunthu pa mtunda woti inu mukanayenda mphindi zisanu, poti nyerere iliyonse iyenera kupatsidwa moni. Musakafulumize, ulendo wake ndi umenewo. Nyamulani chakudya, chifukwa mlenje wanjala wazaka zisanu amaopsa kuposa njati yovulala. Atsikana asatsale kunyumba akutsuka mbale, maso awo amaona mapazi a gwape chimodzimodzi. Akakufunsani dzina la mbalame imene simukuidziwa, musapeke. Kafunseni limodzi kwa agogo kapena kwa mbusa wa ng'ombe, apo ayi mwanayo adzakakuyalutsani m'kalasi ndi mbalame yoti kulibe. Madzi odikha okhala ndi nkhono musamusambitsemo, likodzo silisankha mwana wa bwana. Ndipo mukafika ku Shire, onerani ng'ona muli m'boti, manja ali m'kati. Izo mwambi sizikuudziwa, ndipo chibale chimene takhala tikuchitchula muno sizinachivomereze.

Chomaliza ndi cha inu amene mumachapa. Mwana wobwera kutchire sabwera chimanjamanja, ngakhale asaphe kanthu. M'matumba mwa kabudula wake mupezamo nthenga ya nkhanga, mwala wosalala, chigoba cha nkhono, njere za bwemba, ndipo pena nkhululu yamoyo imene walonjeza kuti aisunga mpaka idzakule. Choncho musanaviike kabudulayo m'madzi, kumbukirani phunziro la msuweni uja. Dzanja lidikire kaye. Yambani ndi kamtengo.